Mwamuna alibe sikelo: matenda amene amadikirira abambo akapitirira zaka 50

Pa maliro a ku Chinamwali mwezi wa June, mphepo ikamatsika m'phiri la Zomba, abambo timagona panja titazungulira moto, amayi ali m'nyumba ndi nyimbo zawo. Amene tulo tamuthawa atha kumawerenga. Mkulu uyu wadzuka kachitatu kupita kuseri, uyo kachinayi, ndipo akapita amakhalitsako. Pobwera wina amamuponyera nthabwala, "Madala, tiyi uja munachita kuchulutsa," tonse n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Palibe amafunsa ngati kunyumba zimateronso usiku uliwonse.

Malume anga anali mmodzi wa okhalitsa kuseriwo. Anakhala nalo vutoli zaka zitatu osauza munthu, mpaka usiku wina atachokera ku chinkhoswe kumene anamwako pang'ono, mkodzo unatsekeratu. Anandiimbira foni cha m'ma 2 koloko. Ndinawapeza atagwada pakhonde, thukuta lili kamukamu, chinena chitatupa ngati aikamo mpira. Anangoti, "Mphwanga, ndifa ine." Kuchipatala anawalowetsa kachubu kunjira ya mkodzo, ndipo patangopita mphindi zochepa munthu uja anali akuseka ndi anamwino. Dokotala atawafunsa kuti zinayamba liti, malume anayang'ana kudenga.

Chimene chinawagwira ndi kukula kwa prostate. Ndi kachiwalo ka amuna okha, kamene kali pansi penipeni pa chikhodzodzo, ndipo ntchito yake n'kupanga ena mwa madzi a umuna. Mwa mnyamata n'kakang'ono ngati suku limodzi. Vuto lake ndi pamene kanakhala: njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula, nakonso kamakula, n'kumafinya njirayo pang'onopang'ono monga mmene muzu wa mtengo umafinyira paipi ya madzi. Pofika zaka 60, pafupifupi theka la amuna amakhala kuti prostate yawo yakula, ndipo mwa a zaka za m'ma 80 ndi ambiri ndithu. Si onse amene amavutika nayo. Amene imawavuta amaona kuti mkodzo ukuchedwa kuyamba, ukutuluka mofooka, ukudukizadukiza, ndipo akamaliza timadontho timatsalira n'kunyowetsa buluku. Chikhodzodzo sichikhuthula zonse, n'chifukwa chake pakangopita kanthawi munthu amamvanso kuti akufuna kupita. Chikhodzodzocho chimalimbana nazo kwa zaka, kenako chimatopa. Mkodzo wotsalira umabweretsa matenda, nthawi zina miyala, ndipo ukamabwerera m'mwamba umawononga impso mwakachetechete.

Kutsekeratu kuja nthawi zambiri kumakhala ndi choyambitsa. Mowa ndi chimodzi. Kudzimbidwa ndi china. Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti mankhwala ena a chimfine, ngakhale Piriton amene timagula pa golosale, atha kutseka mkodzo mwa bambo amene njira yake yachepa kale.

Thandizo lilipo, ndipo siliyambira pa mpeni. Ena zimawakwanira kuchepetsa zakumwa dzuwa likalowa, makamaka tiyi, khofi ndi mowa, komanso kukodza kawiri, kutanthauza kudikira pang'ono ukamaliza n'kuyesanso. Pali mapiritsi monga tamsulosin kapena doxazosin amene amamasula minofu ya pakhomo pa chikhodzodzo. Amagwira msanga koma amatha kupatsa chizungulire munthu akadzuka mofulumira. Pali finasteride, amene amachepetsa prostate yeniyeniyo, koma amafuna kuleza mtima kwa miyezi pafupifupi 6. Zikakanika, opaleshoni. Chimene ndimadandaula nacho n'kuona abambo akuyenda ndi kachubu ndi thumba la mkodzo mobisa mu jekete kwa chaka chathunthu kapena kupitirira, ena podikira mzere wa opaleshoni, ena chifukwa anauzidwa kubwalo la bawo kuti akakuchita opaleshoni imeneyo umuna watha. Kachubu kamayenera kusinthidwa pa nthawi imene achipatala anena. Kakakhalitsa kamatseka ndiponso kamaweta tizilombo.

Kukula kwa prostate si khansa, ndipo sikusanduka khansa. Koma khansa ya prostate ilipo, imamera m'kachiwalo komweko, ndipo munthu mmodzi atha kukhala nazo zonse ziwiri. Kuipa kwake n'kwakuti poyamba siipweteka ndipo kawirikawiri siivutitsa n'komwe mkodzo. Ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala itafika kale m'mafupa, akudandaula msana ndi chiuno zimene akhala akuzitcha nyamakazi. Anthu akuda imatikonda kwambiri. Ku Britain amawerengera kuti mwamuna mmodzi mwa 8 adzapezeka nayo pa moyo wake, koma mwa amuna akuda ndi mmodzi mwa 4. Amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo ali pa chiopsezo chokulirapo, choncho iyeyo ayambe kufunsa achipatala za kuyezetsa akafika zaka 45, osadikira 50.

Kuyeza kwake n'kumene kumathawitsa abambo. Dokotala amavala gulovu n'kupisa chala kumbuyo kuti amve ngati prostate ili yosalala kapena ili ndi zotupa zolimba. Zimatenga kanthawi kochepa kwambiri, koma ndamvapo akuluakulu aulemu wawo akulumbira kuti bola kufa. Palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA. Apa tichenjere: PSA ikakwera sizitanthauza kuti ndi khansa basi, chifukwa imakweranso prostate ikangokula, ikakhala ndi matenda, kapena munthu akangoikidwa kumene kachubu. Chotsimikizira n'kutapa kanyama pang'ono n'kukakayeza. Khansa ikafalikira, madokotala amaichedwetsa pochepetsa testosterone, mahomoni achimuna amene khansayo imadya, kudzera mu jakisoni kapena opaleshoni ya machende. Ndi nkhani yolemera kwa mwamuna aliyense, ndipo imafunika kuikamba mkazi ali pomwepo.

Kwa ife a ku Zomba pali chinanso chokhudza mkodzo. Amene anakulira ku Kachulu, ku Chisi, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa kapena m'minda ya mpunga anadwalapo likodzo ali ana, ndipo ambiri anakula akudziwa kuti kukodza magazi ndi chinthu wamba kwa mnyamata. Likodzo likakhala m'thupi zaka zambiri limasiya zipsera m'chikhodzodzo, ndipo ndi chimodzi mwa zoyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Bambo wa zaka 55 akaona magazi mu mkodzo, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale osamva kuwawa, asangomeza praziquantel, mankhwala a likodzo, n'kuiwala. Akaonedwe.

Funso limene linandivuta malume atachira linali lakuti munthu wophunzira, amene anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, anatha bwanji zaka zitatu chete. Manyazi alipo, inde. Koma ndikuona kuti gwero lake ndi momwe chipatala chimakumanirana ndi mwamuna. Mayi amayamba sikelo akangoima. Amamuyeza BP, magazi, kulemera. Akabereka amapita ku sikelo ya mwana zaka 5, kenako za kulera, kenako mimba ina. Pofika zaka 40 amawadziwa anamwino maina, ndipo bukhu lake la kuchipatala latha n'kugula lina. Mwamuna alibe khomo lotere. Bukhu lake, ngati lilipo, muli malungo a zaka 10 zapitazo. Amalowa m'chipatala ngati woperekeza kapena atanyamulidwa. Ndiye matenda amene safuula, amene amangodziwika poyeza, amamupeza alibe womuyang'anira.

Wamkulu wa matenda osafuulawo ndi BP. M'chaka cha 2009 unduna wa zaumoyo mogwirizana ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO unachita kafukufuku wotchedwa STEPS m'dziko lonse, pakati pa anthu a zaka 25 mpaka 64. Anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, amuna ochulukirapo kuposa akazi, ndipo oposa 9 mwa 10 a iwo sankamwa mankhwala alionse. Amenewo sanali mabwana a maofesi okha. Ambiri anali alimi akumudzi, owonda bwinobwino. Mawu akuti BP ndi nthenda ya olemera anayenera kufa chaka chomwecho, koma mpaka lero mumawamva mu minibasi ya ku Jali.

Manambala awiri amene makina amaonetsa ali ndi tanthauzo losavuta. Yapamwamba ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha mtima ukafinya, yapansi ndi pamene mtima ukupumula. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyanasiyana, munthu atakhala pansi n'kupuma, ndiye kuti yakwera. Munthu akamakalamba mitsempha imauma, siitamukanso ngati kale, choncho mtima umagwira ntchito ya ganyu usana ndi usiku. Mutu suchita kupweteka. Anthu ambiri a BP yokwera kwambiri amadzimva bwinobwino mpaka tsiku limene mtsempha wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, zimene achipatala amati sitiroko.

Tsiku limenelo kumudzi timati amumenya hamala. Bambo anali bwino dzulo, lero pakamwa papotoka, dzanja lalendewera, mawu sakumveka, ndiye maso onse amaloza kwa amene anakangana naye za malire a munda. Mabanja apasuka, agogo osalakwa athamangitsidwa, pamene hamala yeniyeni inali m'mitsempha mwa mwiniwakeyo kwa zaka 15. Wogwidwa sitiroko apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo asamukakamize phala kapena madzi ngati akutsamwa, chifukwa zimalowera kumapapo n'kuyambitsa chibayo chimene chimapha ambiri amene sitirokoyo inawasiya amoyo.

Mchere ndiye poyambira. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuwerengera wonse wa m'ndiwo, mu buledi ndi paliponse. Tsopano taganizani za bambo wa pa depoti: tchipisi cha pachiwaya chowaza mchere wa tsabola masana, kanyenya madzulo, kunyumba ndiwo zothira tizinthu tokometsera ta m'mapaketi, ndipo asanalawe n'komwe waitanitsa kale kambale ka mchere. Soda amene timathira mu therere nayenso ali m'gulu lomwelo. Fodya, mowa wambiri ndi mimba yotsogola zimawonjezera moto. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, kunena kuti theka la ola masiku 5, kumathandiza, ndipo ku Zomba zitunda n'zaulere. Kuchoka kumsika kukwera cha ku Mulunguzi wapansi n'kokwanira. Wolima ndi wopalasa kabaza ali nazo kale zimenezi, koma naye ayezetse.

Mankhwala a BP sali ngati LA woti ukamaliza masiku atatu wachira. Ndi a tsiku lililonse, kwa ambiri moyo wonse, ndipo apa m'pamene abambo timagwera. Wina amamwa mwezi umodzi, makina n'kuonetsa nambala yabwino, iye n'kuti ndachira, n'kusiya. Wina amasiya chifukwa cha zovuta zimene sanauze aliyense. Hydrochlorothiazide amakodzetsa, ndiye kwa bambo wa prostate akamwedwa madzulo usiku umatalika. Amatha kudzutsanso gout, nthenda yotupitsa ndi kupweteketsa mfundo za mafupa. Amlodipine amatupitsa mapazi mwa ena. Enalapril amapatsa ena kachifuwa kouma kosatha. Zonsezi dokotala atha kusintha, koma pokhapokha atauzidwa. Zoti mankhwala amasowa m'zipatala za boma n'zoona, ndipo banja limene lili ndi wodwala BP likuyenera kuwerengera mapiritsi a mwezi monga limawerengera thumba la chimanga. Adyo ndi mandimu sizilowa m'malo mwake.

Pali chizindikiro chimodzi chimene thupi limatumiza msanga, koma chimafikira kumene mwamuna sangayerekeze kutsegula pakamwa: kuchipinda. Mitsempha ya magazi yopita ku chida cha abambo ndi yaing'ono kuposa ya mtima, choncho BP, shuga, fodya ndi mafuta zikayamba kuwononga mitsempha, kumeneko n'kumene kumayamba kufooka, nthawi zina zaka zingapo mtima usanadandaule. Bambo akaona kuti mphamvu zachepa amathamangira gondolosi, kapena timabotolo ta pamsika, kapena amaganiza kuti mayi akunyumba amuchita zinazake, kapena akayesa kwina kuti aone ngati vuto ndi iye. Koyenera kuyamba n'kuyezetsa BP ndi shuga. Mapiritsi a sildenafil, amene ambiri amawadziwa kuti Viagra, amagwiradi ntchito, koma kwa munthu amene akumwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate atha kugwetsa BP mpaka kufa, ndipo pamodzi ndi mapiritsi a prostate aja amafuna kusamala. M'mayiko ambiri apezamo sildenafil wobisika m'mankhwala ogulitsidwa ngati achilengedwe, mulingo wake osadziwika.

Shuga ndi mnzake wa BP, amayenda limodzi ngati nsima ndi ndiwo. Kafukufuku wa 2009 uja anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 anali naye. Nayenso amadzutsa munthu usiku kukakodza, koma mosiyana ndi prostate, mkodzo wake umakhala wambiri ndipo ludzu silitha. Munthu amaonda akudya, amafooka, maso amachita chifunga, chilonda sichipola. Kuyeza n'kubaya chala m'mawa usanadye; nambala ikamafika 7 mmol/L, kapena 126 pa makina owerenga mu mg/dL, ndi shuga, ngakhale amabwereza kuti atsimikize. Abambo ambiri amaopa kuti awaletsa nsima. Chachikulu ndi kuchuluka kwake: mitanda iwiri ya mgaiwa ndi masamba ambiri ndi nyemba m'malo mwa mitanda 5 ya ufa woyera, ndipo Sobo, zakumwa za m'mabotolo, thobwa lothira shuga ndi masupuni anayi mu tiyi zichoke. Amene akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin asadumphe chakudya, chifukwa shuga akatsikitsa munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta, kulankhula zosamveka ngati waledzera, mpaka kukomoka. Abale athu achisilamu a ku Songani, Domasi ndi Malosa amene ali pa mankhwalawa akambirane ndi achipatala Ramadan isanayambe.

Ndipo mapazi. Shuga amapha mitsempha ya kumva, moti munthu amaponda minga kumunda osadziwa, kapena kuwotcha phazi pa mbaula mwezi wa July osamva kanthu. Kachilonda ka pa chala n'kamene kamathera kudula mwendo. Kuyang'ana mapazi madzulo alionse, pakati pa zala ndi kunsi komwe, ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Chodabwitsa n'chakuti gulu limodzi la abambo lili nayo sikelo. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'dziko muno mu 2004, chaka chimene kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba. Bambo amene anayamba mankhwala nthawi imeneyo ali ndi zaka 35, amene abale anali atamulira kale, lero wapitirira zaka 55 ndipo ali ndi zidzukulu. Iyeyu amadziwa kumwa piritsi tsiku lililonse, amadziwa tsiku lake lokaonana ndi achipatala, amanyamula bukhu lake popanda manyazi. BP ndi shuga zikumupeza monga wina aliyense, mwinanso msanga, choncho popita kukatenga mankhwala apemphe amuyezenso zimenezi. Koma pa nkhani ya kusamala thupi kwa zaka zambiri, anzake amene ankamunena m'ma 2005 ndi amene akuyenera kuphunzira kwa iye.

Mawondo ndi msana zimapweteka pafupifupi aliyense amene wagwira khasu kapena kusenza matabwa kuchokera kuphiri kwa zaka 40. Choopsa ndi mankhwala ake. Indocid, Brufen ndi diclofenac amagulidwa ngati maswiti, awiri m'mawa awiri madzulo, chaka ndi chaka. Amakweza BP, amaboola zilonda m'mimba, ndipo amadya impso, makamaka mwa munthu wa shuga, wa BP kapena amene ma ARV ake muli tenofovir. Impso zikafa, makina a boma otsukira magazi apafupi kwa munthu wa ku Zomba ali ku Queens ku Blantyre, mtunda wa makilomita opitirira 60, ulendo wa kangapo sabata iliyonse, ndipo malo ndi ochepa. Panado ndiye woyambira, pamodzi ndi kuchepetsa thupi ndi kusasiya kuyenda.

Zina ndingozitchula mothamanga. Kulephera kuwerenga Baibulo kapena uthenga wa pa foni munthu akapitirira zaka 40 kumangofuna magalasi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuona gogo akutsogoleredwa ndi kamdzukulu kojomba kusukulu chifukwa cha nthenda yochizika. Glaucoma ndiye mbala, imaba maso kuyambira m'mbali osapweteka, ndipo zimene yaba sizibwerera. Mwera ndi phudzi amachita opaleshoni. Chotupa cha m'mphechepeche chikauma, kuwawa, osabwereranso mkati, munthu n'kumasanza, musadikire kuti kuche. Ndipo nsima ikayamba kukakamira pachifuwa, munthu n'kusamukira ku phala, kenako ku madzi, apite msanga, pakuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse.

Zomba ndi tauni ya opuma ntchito: aphunzitsi, asilikali a ku Cobbe, apolisi, a ku ndende, a ku Chanco, akalaliki amene anatsala likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975. Munthu amene zaka 30 ankapatsidwa sawatcha kapena kutchedwa "sala" amadzuka tsiku lina ali ndi zaka 60, foni yasiya kulira, penshoni ikuchedwa, ana ali ku Johannesburg. Wina ndi mkamwini, mkazi wake akamwalira amapezeka kuti pamudzi pamene wakhala zaka 40 ndi mlendo. Tulo timasowa, chakudya sichikoma, amakwiya ndi zazing'ono, kachasu amayamba m'mawa. Timati madala avuta masiku ano. Nthawi zambiri ndi matenda a maganizo, ndipo amachizika. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'dziko muno ndi amuna. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili mumzinda wathu womwe uno, koma dzina lake tinalisandutsa chitonzo, moti bambo wosweka mtima angalole kudutsa njira ina kusiyana n'kuti aoneke pa geti pake. Sikuti aliyense ayenera kukagonekedwa. Ambiri amangofunika womumvetsera wodziwa ntchito, ena ndi mapiritsi.

Malume anachitidwa opaleshoni patapita miyezi ingapo, ndipo kanyama kamene anakayeza kanalibe khansa. Koma usiku woyamba uja, pamene ankawalowetsa kachubu, namwino anawamanga lamba wa BP pamkono mwa chizolowezi chabe, n'kubwereza kawiri, n'kuitana mnzake. Sanayezedwepo chipumireni ntchito. Panopa amamwa kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse, ndipo akazi awo anachotsa kambale ka mchere patebulo, nkhani imene mpaka lero amaidandaula kwa aliyense wobwera kudzawaona. Tsiku lawo la kiliniki analilemba pa kalendala ya tchalitchi kuseri kwa chitseko. Mwezi watha anapita ndi mnzawo wa pa bawo, mkulu wina wa ku Matawale amene anavomera pokhapokha atamulonjeza kuti za chala zija sizichitika tsiku loyamba.